Matayala a pikiapu osasokosa komanso osagwedeza: yankho kwa mwini Hilux wa ku Chilomoni

Bambo wina wa ku Chilomoni watumiza funso ili: "Ndili ndi Toyota Hilux ya zitseko zinayi, ya 4x4, yopangidwa mu 2017, ndipo pachitseko palembedwa kuti matayala ake ndi 265/65R17 112S. Matayala omwe inabwera nawo atatha, ndinagula ena a mano akuluakulu olembedwa LT265/65R17 120/117, chifukwa wogulitsa anandiuza kuti sabooka. N'zoona sanabookepo, koma galimoto ikulira ngati chigayo, ndipo ikangodutsa pa kadzenje aliyense amadumpha pampando. Tikapita ku Lilongwe mayi akunyumba amafika mutu ukuwawa, ndipo mayi anga ondibereka, omwe ali ndi vuto la msana, akukana kukweramo. Masiku ambiri ndimayenda pakati pa Chilomoni ndi Limbe, kamodzi pamwezi ndimapita kumudzi ku Thyolo komwe makilomita 12 omalizira ndi msewu wafumbi, ndipo nthawi yokolola ndimanyamula matumba a chimanga. Ndigule matayala otani kuti m'galimotomu mukhalenso bata?"

Zikomo bambo chifukwa chofotokoza misewu yomwe mumayendamo, pakuti anthu ambiri amangofunsa dzina la tayala labwino osanena komwe galimotoyo imapita, chikhalirecho yankho lonse lagona pamenepo. Malangizo anga ndi akuti mugule matayala anayi a gulu lotchedwa HT, opangira msewu wa tala, kapena, ngati simungapewe kupita ku Thyolo mvula ili mkati, a gulu la AT, oyenda ponseponse, koma a mano ang'onoang'ono othithikana. Saizi ikhale yomweyo yolembedwa pachitseko, nambala ya katundu isatsike pa 112, ndipo kutsogolo kwa saiziyo pasakhale zilembo LT, zomwe ndi chizindikiro cha matayala olimba onyamulira katundu wolemera. Komabe musanatulutse ndalama muyambe mwayesa zinthu ziwiri pa matayala omwe muli nawowa, zomwe ndizifotokoze m'munsimu, chifukwa m'zaka zomwe ndagwira ntchito ya matayala mumzinda muno ndaona anthu ambiri akugula matayala atsopano pamene vuto linali mpweya wochuluka kapena beyaring'i yotha.

Dandaulo lanu lili pawiri, ndipo zoyambitsa zake n'zosiyana. Kulira kuja kumachokera ku mano a tayala, ndiko kuti timagawo ta mphira tomwe timaponda pansi, pamene kugwedeza kumachokera m'kati mwa tayala, momwe analimbitsira khoma lake la m'mbali, ndiponso mpweya womwe mwapoperamo. Tayala likhoza kukhala lachete koma louma ngati chikuni, ndipo lina likhoza kukhala lofewa koma losokosa. Anuwa ali ndi mavuto onse awiri, chifukwa mano ake ndi akuluakulu komanso anapangidwa molimba kuti azinyamula katundu woposa womwe galimoto yanu inganyamule.

Tayala likamazungulira, dzino lililonse limamenya pansi, kupanikizika, kenako n'kunyamuka, ndipo mpweya wokhala m'ngalande za pakati pa manowo umafinyidwa n'kuthawira m'mbali mwamphamvu. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, tayala la saizi yanu limazungulira maulendo oposa 11 pa sekondi imodzi, ndipo mukawerenga mano omwe alizungulira muona kuti pansi pakumenyedwa maulendo mazanamazana pa sekondi iliyonse. Mano akakhala akuluakulu ndi otalikirana, kumenyako kumakhala kwamphamvu ndipo kumamveka ngati liwu limodzi lokhuthala lomwe limalowa m'mutu. Opanga matayala oyendera pa tala amachepetsa mano, amawathithikanitsa, ndipo amasiyanitsa dala kutalika kwake, lina lalifupi, lina lalitaliko, kuti phokosolo lisasanduke liwu limodzi koma limwazikane n'kumamveka ngati mvula ikamagwera pa denga la udzu. Chinanso chomwe amachita ndi kutseka m'mphepete mwa tayala ndi mzere wa mphira wosadukiza kwenikweni, kuti mpweya wofinyidwa uja usatulukire kumbali. Pa liwiro lochepa injini ya dizilo imaphimba zonsezi, n'chifukwa chake pa Chipembere Highway nthawi ya m'mawa simumva kanthu, koma mukangodutsa Lunzu ndi Lirangwe kulowera ku Zalewa, msewu utatseguka, chigayo chija chimayamba, ndipo sichisiya mpaka mutafika ku Lilongwe.

Mukalowa m'sitolo, tayala mukhoza kuliweruza ndi maso ndi dzanja musanamve zonena za wogulitsa. Liimikeni, muyang'ane m'mphepete mwake: ngati mano a m'mphepete ali patalipatali moti chala chanu chachikulu chikulowa pakati pake mosavuta, tayalalo lidzalira ndithu, kaya ndi la kampani yotchuka motani. Ngati ngalande zikuluzikulu zikuzungulira tayala molunjika, zinayi kapena kuposerapo, ndipo timizere topingasa ndi tating'onoting'ono, limenelo ndi lachete.

Magulu atatu omwe mudzawamve akutchulidwa ndi HT, AT ndi MT. HT ndi tayala lopangira msewu wa tala, AT ndi lapakati loyenda ponseponse, ndipo MT ndi la matope, lomwe mano ake amaoneka ngati a thirakitala. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 1,000 pamwezi. Msewu wafumbi wa kumudzi, kupita ndi kubwera, ndi makilomita 24, omwe sakukwana n'komwe makilomita 3 pa 100 alionse omwe mumayenda. Ndiye kuti pofuna kusangalatsa msewu womwe mumaupondako kwa ola limodzi pamwezi, mwavutitsa banja lanu masiku ena onse. Tayala la HT limayenda bwinobwino pa msewu wafumbi wouma malinga ngati simukuthamanga pa miyala, ndipo pa tala wonyowa kawirikawiri limaima msanga kuposa tayala la mano akuluakulu, chifukwa mphira wochuluka ndiwo ukukhudza pansi. Pamene limalephera ndi pa dothi lofiira la ku Thyolo likanyowa, pakuti ngalande zake zimadzaza matope n'kusalala, ndipo pachitunda galimoto imayamba kutsetsereka chammbali. Apo ndikuvomereza. Koma ndinenenso kuti dothi lomata lija limadzaza ngakhale matayala ambiri a AT, ndipo chomwe chimakupulumutsani kwenikweni ndi 4x4 yomwe muli nayo kale, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kudikira maola angapo kuti pansi paume. Ngati pakati pa Disembala ndi Malichi mumatha kusankha tsiku lopita kumudzi, tengani HT. Ngati kumudziko kuli okalamba omwe mungaitanidwire usiku mvula ikugwa, tengani AT wofatsa, ndipo muvomereze kuti adzamveka pang'ono, makamaka akayamba kudyeka.

Nkhani ya msana wa mayi yagona pa zilembo ziwiri zija za LT. Tayala la LT analipangira magalimoto onyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku, motero lili ndi mphira wokhuthala, nsalu zolimba m'kati, ndi khoma la m'mbali losapindika wamba. Nambala 120 yolembedwa pa matayala anu ikutanthauza kuti lililonse likhoza kunyamula makilogalamu 1,400 litapopedwa mpaka pa malire ake, pamene nambala 112 yomwe a Toyota analemba pachitseko ikutanthauza makilogalamu 1,120. Matayala awiri akumbuyo a 112 anyamula makilogalamu 2,240, omwe ndi oposa kale omwe ekiselo yakumbuyo ya galimoto yanu inaloledwa kusenza. Mphamvu yowonjezera ija simudzaigwiritsa ntchito popanda kuthyola masipuling'i, koma mukuilipira pa hampu iliyonse. Khoma la tayala ndilo liyenera kuyamba kumeza kadzenje kasanafike ku mashoko. Likakhala louma, kugundako kumadutsa osachepa n'kukafika pampando. Komanso tayala la LT limalemera makilogalamu angapo kuposa linzake la saizi yomweyo, ndipo mwendo wolemera ukadumpha, shoko imavutika kuubweza pansi msanga, ndiye galimoto imanjenjemera kawiri katatu pamalo pomwe ikanagwedezeka kamodzi. Kulemera komweko kumadyanso dizilo, ngakhale kuti pang'onopang'ono.

Wogulitsa uja sanakunamizeni pomwe anati tayala lotere silibooka msanga, ndipo kwa munthu woyenda mlungu uliwonse m'misewu ya miyala ya ku Neno kapena wonyamula simenti tsiku lililonse, ndingamuuze kuti agule lomwelo. Chomwe sanakuuzeni ndi mtengo womwe thupi limalipira. Dziwaninso kuti matayala omwe ali ndi chilembo C kumapeto, monga 195R15C kapena 205R16C omwe amabwera pa mapikiapu a zitseko ziwiri, nawonso ndi a gulu lolimbali, ndipo eni magalimoto otero asasinthe n'kuika ofewa, chifukwa kwa iwo tayala lolimbalo ndilo lomwe wopanga galimoto analamula. Lamulo ndi limodzi kwa onse: nambala ya katundu isatsike pa yomwe ili pachitseko. Chilembo chotsatira nambala ya katundu, monga S pa 112S, ndi cha liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, ndipo H ndi 210. Chilichonse mwa zitatuzi chikukwanirani.

Chinthu choyamba choti muyese mawa m'mawa ndi mpweya. Miyezi ingapo yapitayo bambo wina anabwera ndi Ford Ranger atatsimikiza kale zogula matayala anayi, akudandaula kuti galimoto ikuyenda ngati ngolo. Nditaika geji pa valavu, singano inakaima pa 3.8 bar (muyeso wa mpweya wa m'tayala), ndipo matayala onse anayi anali chimodzimodzi. Iwo anati mnyamata wa pamalo ena omwetsera mafuta anawauza kuti pikiapu imafuna 4, ndipo akhala akupopa choncho chaka chonse. Nditagwada n'kuyang'ana, pakati pa tayala panali patadyeka kuposa m'mphepete, chizindikiro chosabisika cha mpweya wochuluka. Tinatsitsa mpweya kufika pomwe palembedwa pachitseko, tinazungulira nawo pa mahampu awiri, ndipo anabwerera kwawo osagula kanthu. Nambala yaikulu yolembedwa pakhoma la tayala ndi malire omwe tayalalo lingapirire, si mpweya woyendera. Woyendera uli pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, ndipo pa mapikiapu ambiri amtundu wanu, opanda katundu, umakhala pakati pa 2.0 ndi 2.4. Dziwani kokha kuti tayala la LT limafuna mpweya wochulukirapo pang'ono kuti linyamule katundu yemweyo, motero pa omwe muli nawowa musatsike kupyola nambala ya pachitseko, ndipo ndi bwino kuipitirira pang'ono.

Gulani geji yanuyanu, pakuti za m'malo omwetsera mafuta zimagwa pansi kambirimbiri ndipo zambiri sizinenanso zoona. Muziyeza m'mawa galimoto isanayende. Tayala likatentha mpweya umakwera ndi 0.2 kapena 0.3, ndipo mukatsika chitunda cha Thabwa n'kufika ku Chikwawa masana mwezi wa Okutobala ukhoza kukwera kuposa apo. Musauphwetse, chifukwa likadzazizira lidzakhala loperewera, ndipo tayala loperewera mpweya ndilo limatentha n'kuphulika. Ndikutsindika izi chifukwa anthu ena akamva kuti mpweya wochepa umafewetsa ulendo amapitirira muyeso, ndipo zotsatira zake zimakhala zoopsa kuposa kugwedezeka.

Chachiwiri, fufuzani ngati kulirako kukuchokeradi ku matayala. Pa msewu woongoka wopanda magalimoto ena, pa liwiro lapakati, pendeketsani chiwongolero pang'ono kumanja kenako kumanzere. Phokoso la matayala silisintha kwenikweni mukatero, koma limasintha msewu ukasintha, mwachitsanzo mukachoka pa tala wokhakhala n'kulowa pa wosalala. Phokoso la beyaring'i yotha limakula mukakhotera mbali imodzi n'kuchepa mukakhotera inayo, ndipo silisamala za mtundu wa msewu. Mukabwerera kunyumba, sisitani chikhatho pamwamba pa tayala kulowera kutsogolo, kenako kubwerera kumbuyo. Ngati mbali imodzi mukumva kusalala koma pobwerera mano akukola dzanja ngati sowo, ndiye kuti manowo adyeka mopendekera, zomwe zimachitika matayala akakhalitsa pamalo amodzi osasinthidwa kapena alayimenti ikasokonekera. Ngati mukumva timaenje ndi timatunda motsatizana kuzungulira tayala, mashoko atha ndipo mwendo ukudumphadumpha pamsewu. Galimoto yanu ndi ya 2017, ndipo ngati mashoko sanasinthidwepo, ndingadabwe kuwapeza ali amphamvu. Tayala latsopano lachete likaikidwa pa galimoto ya mashoko otha limayamba kulira patangopita miyezi yochepa, ndipo mwini wake amatukwana kampani yopanga matayala pachabe.

Kuno kwathu tayala lakutsogolo lakumanzere ndilo limazunzika kwambiri. Timayendera kumanzere, motero ndilo limakumana ndi m'mphepete modyeka mwa tala pomwe minibasi zimaimaima, ndipo pa laundabauti iliyonse, kaya pa Ginnery Corner, pa Chichiri kapena pa Kameza, galimoto imakhotera kumanja n'kutsamira pa tayala lomwelo. Liyang'aneni poyamba limenelo. Chigwereni mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, misewu yambiri ya m'makwalala mumzinda muno ili ndi maenje oti kugwamo kamodzi mwamphamvu n'kokwanira kusokoneza alayimenti.

Palinso chinthu china chomwe tayala lililonse silingachithetse. Kumbuyo kwa pikiapu kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikizana omwe anawapangira kusenza katundu wofika pafupifupi tani imodzi, ndipo bodi ikakhala yopanda kanthu amadumpha. Mpando wakumbuyo uli pafupi ndi ekiselo imeneyo. Mayi a vuto la msana aja azikhala kutsogolo, ndipo pa ulendo wautali ikani matumba awiri kapena atatu a mchenga m'bodi, pamwamba penipeni pa ekiselo, omangidwa bwino kuti asaseleleke. Mudzadabwa momwe galimoto imafatsira.

Pa saizi, musanyengeke ndi malimu akuluakulu omwe achinyamata akuwakonda. Nambala 65 ija ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi lotalika magawo 65 pa 100 a m'lifupi mwake, ndipo pa tayala la mamilimita 265 khomalo ndi mamilimita 172. Pa limu ya 18 ndi tayala la 265/60, khoma limatsika kufika pa 159, ndipo pa limu ya 20 ndi tayala la 265/50 limangotsala pafupifupi 132. Mamilimita 40 omwe atayikawo ndiwo khushoni yomwe ikanameza dzenje, ndipo popanda iwo limu imapindika kapena tayala limatupa chithupsa m'mbali. Ena adzakulangizani 265/70R17 kuti khoma litalikirepo. N'zoona limafewerapo pang'ono, koma tayalalo ndi lalikulu ndi magawo opitirira 3 pa 100, ndiye kuti wotchi ya liwiro izidzaonetsa mochepera kuposa momwe inkaonetsera, galimoto idzalemera pokwera zitunda za ku Chilomoni, ndipo nthawi zina tayala limakhula m'kati mukakhota kwambiri. Khalani pa 265/65R17.

Matayala ena amabwera ndi chipepala chomatidwa chomwe malamulo a mayiko a European Union anayamba kufuna mu 2012, ndipo chinasinthidwa maonekedwe mu Meyi 2021. Chimaonetsa kadyedwe ka mafuta, kagwiridwe ka msewu wonyowa pa zilembo A mpaka E, ndi phokoso pa zilembo A mpaka C pamodzi ndi nambala ya dB (muyeso wa kukula kwa phokoso), yomwe pa matayala a saizi yanu imakhala kawirikawiri pakati pa 70 ndi 75. Nambalayi amaiyeza kunja, ndi maikolofoni yoima m'mbali mwa msewu galimoto ikudutsa injini itazimitsidwa, motero siinena ndendende zomwe mudzamve m'kati. Kusiyana kwa 1 khutu silikumva, koma kwa 3 kumamveka. Ineyo ndikamasankhira banja langa ndimayamba kuyang'ana chilembo cha msewu wonyowa, phokoso pambuyo, pakuti mvula ya masana ya mu Januwale ikakupezani pa zitunda za ku Ntcheu, chomwe mudzafune ndi kuima. Matayala ambiri ogulitsidwa kuno alibe chipepalachi chifukwa sanapangidwire msika wa ku Ulaya, ndipo kusowa kwake sikutanthauza kuti tayalalo ndi loipa.

Mayina ndiwatchule mosamala, chifukwa dzina limodzi likhoza kubwera m'mitundu iwiri, wofewa ndi wa LT, ndipo muyenera kuwerenga pakhoma nokha. M'gulu la HT muli monga Bridgestone Dueler H/T 684, Yokohama Geolandar H/T G056, Hankook Dynapro HT ndi Maxxis Bravo HT-770. M'gulu la AT ofatsa muli monga Dunlop Grandtrek AT25, Bridgestone Dueler A/T 693, Michelin LTX Force ndi Yokohama Geolandar A/T G015. BFGoodrich All-Terrain T/A KO2, yomwe anthu ambiri amaisirira, ndi tayala lolimba kwambiri, koma pa saizi yanu ndi la LT ndipo likubwezerani pomwe muli pano. Popeza matayala onse timachita kuitanitsa kunja, ambiri kuchokera ku South Africa ndi ku Asia, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa, makamaka kuyambira pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtundu womwe uli m'sitolo lero ukhoza kusowa kwa miyezi. Funsani wogulitsa ngati mtunduwo amaubweretsa nthawi zonse, ndipo ngati thumba likulola gulani asanu, kuti sipeya ifanane ndi anzake. Za matayala otsika mtengo a mayina osadziwika sindinganene kuti onse ndi oipa, pakuti ndaikapo ena omwe anayenda bwino, koma ndaonanso ambiri omwe anayamba mwachete n'kuyamba kulira atangodyeka pang'ono, ndipo ena ankafuna zitsulo zambirimbiri za balansi kuti asiye kunjenjemera, chomwe chimasonyeza kuti sanaumbidwe mozungulira bwino.

Tayala lililonse lomwe mukufuna kugula, yang'anani tsiku lomwe linapangidwa. Pakhoma pali mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka: 1524 ndi sabata ya 15 ya chaka cha 2024. Mphira umauma ndi zaka ngakhale tayala lisanayendepo, ndipo mphira wouma umasokosa, umagwedeza, komanso umaterera. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 liziunikidwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Ndi dzuwa lathuli, ine sindilola kugula ngati latsopano tayala lomwe lagona m'sitolo kupitirira zaka 2 kapena 3.

Apa ndi pomwe matayala a kaunjika amagwetsera anthu. Ndinatembenuzapo limodzi lomwe munthu anagula ku Limbe, lopakidwa polishi mpaka kunyezimira, mano ake akadali akuya. Manambala a DOT ankaonetsa kuti latha zaka 11, pansi pa ngalande panali timing'alu tambirimbiri, ndipo m'kati, pakhoma penipeni pomwe sipayenera kumatidwa, panali chigamba chachikulu ngati chikhatho. Samalaninso ndi matayala ochokera ku Japan olembedwa mawu akuti Studless, monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx, omwe amabwera ambiri pa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi ofewa komanso achete, motero amanyenga munthu wofuna zomwe inu mukufuna, koma anawapangira misewu ya chipale chofewa, ndipo pa tala wotentha amadyeka msanga komanso amachedwa kuima mukaponda mabuleki.

Tsiku logula, onse anayi akhale a mtundu umodzi, pakuti galimoto ya 4x4 siifuna matayala osiyana kukula. Aike mavalavu atsopano, achite balansi pa mwendo uliwonse, ndipo alayimenti ichitike tsiku lomwelo, mabushi ndi mashoko atayamba aunikidwa. Pambuyo pake muzisinthanitsa matayala pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, akumbuyo kupita kutsogolo mbali yomweyo, akutsogolo kupita kumbuyo mopingasa, pokhapokha ngati pakhoma pali muvi wosonyeza kuti tayalalo limazungulira mbali imodzi yokha. Kusinthanitsaku ndiko kumaletsa mano kudyeka ngati sowo, ndipo pa tayala la AT ndiko kumasiyanitsa lomwe likhale lachete mpaka kutha ndi lomwe liyambe kulira chaka chisanathe. M'ngalande muli timitunda tating'ono tosonyeza malire a mamilimita 1.6, koma dzinja likamayandikira ngalande zitatsala mamilimita 3, musadikire kufika pa malirewo.

Matayala omwe muli nawowa musawataye kapena kuwasiya padzuwa kuseri kwa nyumba. Akadali ndi moyo, ndipo eni magalimoto oyenda m'minda ndi m'misewu ya miyala amawafuna, motero ndalama yake ikhoza kulipira gawo la atsopanowo. Nthawi yokolola ikafika, matayala a 112 adzanyamula chimanga chanu popanda vuto malinga ngati simupitirira katundu yemwe buku la galimoto likuloleza, kuphatikizapo anthu okwera. Matumba 12 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 600, ndipo mukawonjezapo akuluakulu anayi mwayandikira kale malire. Musananyamuke kumudzi, poperani akumbuyo kufika pa nambala yachiwiri yolembedwa pachitseko, ya galimoto yodzaza katundu, ndipo pa makilomita 12 afumbi aja muyende pang'onopang'ono, mukupewa miyala yosongoka yomwe imacheka khoma. Mukatsitsa matumbawo ku Chilomoni, m'mawa mwake matayala atazizira, bwezerani mpweya pa nambala ya tsiku ndi tsiku musanapite kukawatenga mayi.